Zitatu Zinalimo, Zitatu Zilimo

Ndinapeza sutikesi ya Esteri ili pabwalo, pafupi ndi mpopi, pamwamba pake atasanjikapo beseni ndi ambulera yothyoka. Mwini wake anali atakhala pachitsa cha mpeyala, mimba ya miyezi isanu ndi iwiri ili patsogolo, maso ali psuu. Azimayi a m'malayini a kampani anali ataima m'makomo mwawo, aliyense tsache lili m'manja, koma panalibe amene ankasesa.

"Wakutulutsira katundu ndani?" ndinamufunsa.

"Abambo akunyumba, azakhali. Akuti ikamakwana folo ndikhale nditanyamuka. Awaimbira kale amayi ku Milonde kuti atumize achimwene adzanditenge."

"Wagwidwa ndi mwamuna?"

"Ayi."

"Wamuthira mankhwala m'ndiwo?"

"Ayi, azakhali. Ndi nsomba."

Ine ndine Alefa. Hopewell, mwamuna wa Esteriyu, ndi mwana wa malemu mchimwene wanga. Matewera ake ndinkachapa ndine, ndipo fungo lake mphuno yanga sinaiwale. Lero ndi kalaliki kufakitale ya tiyi, amamanga tayi ngakhale Loweruka. Kwathu kuno chinthu chikasowa, kaya ndi mbuzi kaya ndi mwamuna wa mwini, anthu amayamba aitana ine, apolisi pambuyo. Ine sindilemba sitetimenti. Ndimangofunsa mafunso opusa mpaka munthu atapsa mtima n'kulavula zoona.

Koma tsiku limeneli, Lachitatu, wopsa mtima woyamba ndinali ine.

"Usasunthe pamenepo," ndinamuuza Esteri. "Ndipo inu azimayi, ngati masache atopa, agonekeni pansi."

* * *

Hopewell ndinamupeza kuseri kwa nyumba, m'kashedi kamalata mmene amasungamo mabokosi ake agalasi. Alipo anayi, odzaza madzi, miyala ndi mchenga pansi, kapampu kamagetsi kakuwiritsa thovu kuti bwububu. Anthu ena amaweta nkhuku. Mwana wa mchimwene wanga amaweta ndiwo zimene sadya.

"Zabedwa, azakhali," anatero osandipatsa n'moni womwe. "Zitatu zija."

Ndinasuzumira m'bokosi limene ankaloza. Pagalasi panali patamatirira tinsomba titatu, totalika ngati chala changa chamkombaphala, pakamwa pali kunsi ngati kambale kovundikira, tindevu tili m'mbali.

"Zinalimo zingati?"

"Zitatu."

"Zilimo zingati?"

"Zitatu."

"Iwe, kodi tayiyo ikukuthina?"

"Musandiseke, azakhali! Kupolisi andiseka kale m'mawa uno. Akuti chasowa n'chiyani, ndati nsomba. Dzina lake? Ndati ilibe. Zatsala zingati? Ndati zonse. Andiuza kuti ndipite ndikapume. Koma izi si zanga. Wina wachotsa zanga n'kuikamo izi."

Anandifotokozera mokalipa ngati ndaba ndine. Akuti padziko pali anthu ambirimbiri amisala yofanana ndi yake, oweta nsomba m'magalasi, ndipo ali ndi gulu pafoni. Timilamba ta m'mitsinje n'tambiri kuposa mayina amene asayansi analemba m'mabuku. Kuti nsomba ilandire dzina lake la m'buku pamapita zaka, mwina woipeza amafa iyo isanabatizidwe. Ndiye owetawo, poopa kusokoneza n'kumakwatitsa mitundu yosiyana, amaipatsa kaye nambala. Za ku mitsinje ya ku Amerika zili ndi manambala awo otchuka, koma gulu la Hopewell linatsegula kaundula wakewake wa timilamba ta kuno, ndipo amasunga kaundulayo ndi mayi wina wokalamba wa ku Ulaya.

"Nambala sapereka chisawawa," anatero. "Amafuna chithunzi cha m'mbali, cha pamwamba, cha kumimba, cha pakamwa. Amawerenga mano, amayeza ndevu, amaona mphanda ya mchira ndi maanga apamsana. Ndiye uwauze mtsinje umene waigwira, dziwe lenilenilo."

"Za manambala usandiphunzitse. Ine ndinali 417 zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndikuthyola tiyi. Kapitawo wanga anadzadziwira pamaliro a amuna anga kuti ndine Alefa. Pitiriza."

Zake zitatuzo anakazitenga kuphiri, padziwe lina pamwamba pa mathithi. Loweruka anajambula za m'mbali ndi za pamwamba n'kutumiza. Mayi Kaundula anasangalala: akuti imeneyi sanaionepo, ikuoneka yatsopano, ikhala nambala 31, koma atumizenso chithunzi cha kumimba ndi cha pakamwa. Anajambulanso mbali zonse Lachiwiri ataweruka. Lachitatu m'mawa yankho linabwera, pagulu, anthu mazanamazana akuwerenga.

Anandionetsa pafoni, n'kutambasula zithunzi ndi zala. Ngakhale ine, wa sitandade thuu, ndinaona. Ya Loweruka inali ndi maanga atatu oyererako pamsana, ndevu zazifupi, mchira ngati wodula ndi lumo. Ya Lachiwiri ndevu zazitali, mchira wamphanda, msana wamathothomathotho.

"Akuti iyi ndi nambala 14," anatero. "Yopezeka pamlatho uliwonse, mano ake ndi omwewo a m'kaundula. Wina wafunsa ngati zithunzi za Loweruka ndinaba pa intaneti. Andiimitsa m'gulu, azakhali. Ine, zaka zinayi! Akunditcha wabodza mayiko onse."

"Ndiye kuyambira Loweruka mpaka Lachiwiri iwe sunaone kuti zasintha?"

"Zimabisala pansi pa miyala."

"Waona ndi gogo wa ku Ulaya, pafoni. Chabwino. Nanga Esteri akulowapo bwanji?"

"A Millie apakhomo apa anamuona Lolemba akuchokera kumtsinje ndi ndowa, n'kulowa nayo muno. Amadana nazo kuyambira kale nsombazi. Wazipha ndi sopo, ndiye n'kukatola izi kuti ndisadziwe. Ndipo akukana! Kupha ndikanakhululuka, koma bodzalo."

Ndinayang'ananso m'galasimo. Nambala 14 yawoyo ine ndimaidziwa kuyambira ndili mtsikana. Timaitcha kamatamwala. Tinkagwira anthu awiri: wina watambasula chitenje kumunsi, wina akukhula mwala ndi manja pakati pa madzi othamanga, ndipo pa khumi tinkagwira mmodzi.

"Iwe Hopewell, munthu wa mimba ija angawerame pathanthwe loterera, yekha, n'kusankha atatu ofanana msinkhu ndi akowo?"

"Anatuma munthu."

"Bambo ako anali wopusa, koma ankayamba adya kaye asanaweruze mlandu. Folo isanakwane ndibweranso. Ukamukhudza mwana uja, mabokosi onsewa ndikazinga ndi tomato."

* * *

A Millie amagulitsa mafirizesi kwa ana asukulu, ndipo ndinawapeza akuwasanja m'firiji.

"Ine, mayi, za anthu sindinena," anayamba ndisanakhale n'komwe pansi. "Mulungu ndi mboni. Koma maso alibe chitseko. Lolemba teni koloko, ndowa yobiriwira, kupita ili gwa yopanda kanthu, kubwera yodzaza, akuyenda chammbali ngati nkhanu, mpaka m'kashedi. Ine ndinangoti eee, koma banja ili."

"Munaona nsomba m'ndowamo?"

"Ndowa inali pamutu. Ine ndine wamfupi."

"Teni koloko munadziwa bwanji? Wotchi ili kuti?"

"Magetsi anathima hafu naini. Ine akathima ndimadziwa, mafirizesi anga amayamba kulira misozi. Ndipo iyeyo ndi choncho nthawi zonse: akangothima, ndowa pamutu. Sabata yatha katatu. Akabwerako umangomva m'kashedimo madzi khuthuu, khuthuu, ola lathunthu, mwina awiri, mpaka magetsi atayaka."

Ndinaika pansi firizesi imene ndinali nditadzipatsa ndekha.

"Nthawi zonse? Kuyambira liti?"

"Aaa, chaka chatha chomwe."

"Nanga Hopewell munamuuziranji za Lolemba lokha?"

"Anandifunsa za Lolemba lokha. Ine sindiwonjezera, mayi. Kuwonjezera ndi miseche."

Ndinawayang'ana kuyambira kumpango mpaka kupatapata. Mawu amene ndinawauza sindilemba pano, chifukwa mapepala awa amawerenganso a mvano.

* * *

"Madzi amene umatunga magetsi akathima ndi a chiyani?" ndinamufunsa Esteri.

Anayang'ana kukashedi kaye, kenaka n'kutsitsa mawu.

"Kapampu kaja kakaima, azakhali, nsomba za kuphirizo zimayamba kukwera pamwamba, kukamwa yasa. Zinazolowera madzi othamanga. A pampopi ali ndi mankhwala, ndiye ndimakatunga a kumtsinje. Ndimachotsako pang'ono, ndimathirako atsopano, kenaka ndimatunga ndi kapu n'kumathira kuchokera m'mwamba kuti mulowe mpweya. Mpaka ayake."

"Ndi mimba imeneyi?"

"Nanga zife? Zikanafa, m'nyumba muno mukanakhala maliro a mwezi."

"Mwamuna wako akudziwa?"

"Ndinawauzapo chaka chatha. Anati ndisamakhudze magalasi awo, ndilibe sukulu yake. Ndiye ndimangochita iwo ali kuntchito. Lero ndimati ndifotokoze, anditseka pakamwa pamaso pa anthu. Akuti ndine wabodza ngati amayi anga."

Apa misozi inagwa.

"Lolemba unaziona zitasintha?"

"Ndinadabwa kuti sizinakwere pamwamba msanga ngati kale. Ndinangoti mwina zazolowera."

Ndiye kuti pofika Lolemba m'mawa zinali zitasinthidwa kale. Loweruka Hopewell anaswera m'kashedimo tsiku lonse. Latsala Lamulungu.

"Lamulungu munali kuti?"

"Kutchalitchi tonse awiri, kuyambira eyiti mpaka wani. Kunali ubatizo."

"Kashedi amakiya?"

"Amangokoloweka waya."

Malayini onse anali kutchalitchi tsiku limenelo, kupatula munthu mmodzi amene amalipidwa kuti asachoke pampando.

* * *

"Mosheliwa, a Bizwick!" Ndinawapatsa moni wam'mawa wa Chilomwe ngakhale dzuwa linali paliwombo, chifukwa mlonda wapagetiyo anali akungodzuka kumene.

Anaimirira, n'kukonza chipewa. "Sindimagona, mayi. Ndimapumitsa maso mwa lamulo. Pageti panga sipadutsa ngakhale nyerere popanda lipoti."

"Lamulungu m'mawa kunabwera mlendo?"

"Mlendo? Ziro. Lipoti likuti ziro."

"Nanga amene si alendo?"

Anawerenga ndi zala. "Mayi wankhuni. Galu wa a foromani, kutuluka ndi kulowa. Ndi a Isake." Nkhope inasintha. "Ndipo a Isakewo mukawauze kuti ndinakhumudwa."

A Isake ndi alamu anga, mng'ono wawo wa malemu amuna anga. Zaka makumi atatu ananyamula zikwama za alendo okwera phiri, mpaka mawondo anakana. Tsopano amaweta njuchi kutsinde kwa phiri, ndipo uchi amadzagulitsa m'malayini muno.

"Anakulakwirani chiyani?"

"Analowa cha m'ma naini ndi chigubu chachikasu, akuti ndi thobwa la a Hopewell. Ine ndinati, akulu, kapu imodzi ya boma. Anakana! A Isake, amene amandisiyira chisa cha uchi mwezi uliwonse, kundikaniza thobwa. Ndinawauza kuti eni ake ali kutchalitchi, anati akasiya pakhonde. Patapita theka la ola akutuluka, chigubu chomwecho, cholemera chimodzimodzi. Ndinati, akulu, poti labwerera, kapu imodzi. Anakananso. Kawiri, mayi. Ndinalemba."

"Chigubucho chinali chotseka?"

"Chodula pamwamba. Anavundikira ndi tsamba la nthochi lobowolabowola. Ndipo ananyamula ndi manja awiri, pachifuwa, ngati akupita ndi mwana kusikelo."

"Chinkalira bwanji poyenda?"

"Kulira?" Anaganiza. "Chubwi, chubwi."

"A Bizwick, mwamwa thobwa zaka zingati? Thobwa limati chubwi? Thobwa limafuna mabowo opumira?"

Anavula chipewa n'kukanda m'mutu.

"Funso lina lopusa. A Isake ndi Hopewell anayambanapo?"

"Kuyambana ayi. Lachisanu anali limodzi pabawo pompano. A Hopewell anabwera ndi foni kudzatiwerengera kalata imene amati atumize kwa azungu, akumasulira m'Chichewa. Mtsinje wakuti. Kutalika kwakuti. Woipeza, Hopewell. Dzina lake kwa anthu akumaloko, palibe. Tinaomba m'manja. Koma a Isake anali akuwina, mayi, kwatsala pang'ono kundimaliza. Anangoika nkhomo pansi, n'kunyamula ndowa yawo ya uchi, osatsanzika."

Ndinabwerera kukashedi mwendo uli m'khosi. Hopewell anali atagwira foni, akuwerengabe zomunyoza.

"Iwe, padziwe paja anakulondolera ndani?"

"A Isake," anatero, maso ali pansi.

"Vula tayi. Ukaitane njinga yamoto."

* * *

Tinafika kwa a Isake thuu koloko itadutsa, atatu panjinga imodzi, ine pakati ngati nyama ya m'samusa. A Isake anali pansi pa mtengo akusema mng'oma wa njuchi. Kumbuyo kwawo phiri linali litaima bii, mathithi akumveka chapatali.

"Hopewell, ukatsegula pakamwa ndisanakuuze, ndikutsina pamene ndinkakutsina uli mwana," ndinamunong'oneza.

"Alamu!" anafuula a Isake. "Mwaganiza tsopano zodzalowa chokolo? Mwachedwa, mano atha."

"Ndikanabwera kale, koma ndinamva kuti ndi zina zomwe zinatha. Tabwera ndi uthenga wa maliro, alamu."

Anaika sompho pansi.

"Nsomba za mwanayu zafa. Zitatu zija anakazipeza kuphiri."

"Pepani," anatero, n'kutolanso sompho. Nkhope osasintha ngakhale pang'ono. Munthu amene amalira njuchi imodzi ikagwera m'madzi.

"Zachisoni," ndinapitiriza. "Nsomba zosowa, zoti chilengedwere dziko palibe munthu anazionapo mpaka anabadwa Hopewell. Azungu akuti anthu akuno tinkangodutsa ngati ng'ombe, osaona kanthu."

Sompho linagunda mtengo mwamphamvu.

"Ndipo zafa zopanda dzina, alamu. Ngati mtayo. Pamanda pake tilembapo chiyani? Palibe. Makolo athu onse, ndi bambo anu omwe, panalibe ndi mmodzi yemwe wanzeru zoti n'kuitcha dzina."

"Bambo anga muwasiye!" Anaimirira, mawondo akulira. "Wopanda dzina ndani? Namathithi alibe dzina? Ndipo anamathithi sanafe, ali kwawo padziwe. Zafa m'galasimozo ndi akamatamwala wamba a pamlatho!"

Ndinawasendera pafupi.

"Mwadziwa bwanji zimene zili m'galasi la mwini, alamu?"

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana Hopewell, kenaka analavula pambali.

"Mwandikola, mfiti inu. Eya, ndine. Ndinaika ndine, ndinachotsa ndine."

Hopewell anaiwala kutsina kwanga. "Inu? Agogo, mwandiwonongera dzina mayiko onse! Ndipo mukuti chiyani? Nama chiyani?"

"Mwamumva? Akufunsa!" A Isake anamuloza ndi sompho. "Namathithi! Ndinakuuza katatu tsiku lija. Poyamba tili panjira, kachiwiri nditalowa m'madzi ozizira mpaka m'chiuno ndi mawondo angawa, kachitatu ndikukuikira m'chigubu. Iwe maso ali pafoni, ukusaka manambala a malo. Ndinakuuza kuti wakumunsi ndi kamatamwala, ndevu zazitali. Wapamwamba pa mathithi ndi namathithi, maanga atatu, ndipo sasakanikirana. Bambo anga anandionetsa, iwonso anawaonetsa amalume awo atangowoloka kuchokera ku Milanje. Ndiye Lachisanu, pamaso pa Bizwick, palibe! Woipeza, Hopewell! Unaipeza iwe? Iwe unapeza chimfine!"

"Mukanangondiuza, agogo."

"Kachinayi? Ndinati ayi. Ngati ndi mwini wake, aizindikira. Ndinasankha akamatamwala atatu a msinkhu womwewo, tsiku lonse la Loweruka ndili m'madzi. Ndinati Lamulungu lomwelo abwera kuno akuthamanga, adzati agogo, izi si zija, ndiye ndidzamukhazika pansi. Lamulungu, zii. Lolemba, zii. Lachiwiri, zii. Katswiri!"

Hopewell anakhala pamng'oma, manja kumutu.

A Isake anatembenukira kwa ine ngati akudikira kuti ndiombe m'manja. Ndinawalanda sompho lija m'manja n'kuliponya kutali, kuopa kuti ndingalifune.

"Mwamaliza, alamu? Mwakhuta? Ndiye imvani. Mwana uyu sanabwere kuno chifukwa anapeza kale wakuba. Esteri. Katundu wake ali pabwalo, malayini onse akuonerera. Wanenedwa wabodza, iye ndi mayi ake. Folo koloko akupita kwawo ndi mimba ya miyezi isanu ndi iwiri."

Nkhope ya a Isake inagwa. "Esteri? Mtsikana amene amandipatsa madzi osamba m'manja uja? Walowapo bwanji?"

"Walowapo chifukwa amuna awiri akuluakulu amalimbirana kansomba kosakwana n'kuyala pa mbamu imodzi. Wina wanzeru zedi moti sangamve, wina wonyada zedi moti sanganene. Inu munatchera msampha m'nyumba ya eni, osaganiza kuti mumakhalanso munthu wina?" Ndinatembenukira kwa Hopewell. "Ndipo iwe! Ukudziwa chimene ndowa ija imakatenga kumtsinje? Magetsi akathima iwe uli pampando kufakitale, amapumira nsomba zakozo ndani? Chaka chathunthu, ndi kapu, ola ndi ola, msana ukuwawa. Zikanafa kalekale, za m'mabokosi onse anayi. Umayesa ndi nzeru zako?"

"Sanandiuze," anatero motsitsa.

"Nayenso anakuuza. Iwe anthu amakuuza."

A Isake anali atavala kale nsapato. "Ndipita nawo. Ndikanene ndekha."

"Mupita, ndipo mukwera kumbuyo kwenikweni, pachitsulo."

* * *

Tinafika folo itatsala pang'ono. Mchimwene wake wa Esteri anali atafika kale ndi njinga yake yamoto, sutikesi atamanga ndi malamba. Azimayi aja anali adakali m'makomo. A Millie anali atatulutsa ndi mpando.

A Isake sanadikire. Anagwada pafumbi pamaso pa Esteri, mawondo aja akuti kwee, n'kunena mokweza kuti mpaka a Bizwick pageti amve: anasintha nsomba ndi iwo, Lamulungu, ndi chigubu chachikasu, ndipo mwanayu sanakhudze kanthu.

"Dzukani, agogo," anatero Esteri. "Mawondo anuwo. Ndamva."

Hopewell anapita panjinga n'kuyamba kumasula malamba.

"Asiyeni," anatero Esteri.

"Esteri, zatha. Ndinalakwitsa. Tiye m'nyumba tikakambirane."

"M'nyumba?" Sanakweze mawu. "Munanditukwanira pabwalo. Amayi anga munawatukwanira pafoni. Ndikachira ku Milonde. Mukafuna kukambirana mubwere ndi ankhoswe, mudzanene pakhomo pa amayi zimene anena agogowa pano, ndi mawu okwera chimodzimodzi."

"Nanga mwana? Ndiyenera kukhalapo, ndimupatse dzina."

"Za dzina musavutike nazo, abambo. Inu mayina mumaiwala."

Pakhomo lina panamveka kuseka, wina n'kudzitseka pakamwa ndi chitenje. Ndinamuthandiza Esteri kukwera chammbali, ndinamuikira beseni pamiyendo, ndipo mchimwene wake ndinamuuza kuti akagunda bampu ngakhale limodzi adzandidziwa. Njinga inatuluka pageti pang'onopang'ono. A Bizwick anaimirira n'kuchita sailuti.

Hopewell anandigwira mkono. Maso anali atadzaza misozi.

"Azakhali, inu amakumverani. Muimbireni. Mulankhuleni."

Ndinachotsa dzanja lakelo, chala chimodzichimodzi.

"Ndalankhula kuyambira m'mawa, mwana wa mchimwene wanga. Pakamwa panga paweruka."